Funsani Mlangizi: Akawalala Olowera pa Foni ndi pa Kompyuta

Makalata ochuluka amene afika mwezi uno akudandaula za chinthu chimodzi, chomwe ndi kuberedwa kudzera pa foni kapena pa kompyuta. Ino ndi nyengo yokolola, pamene ndalama za chimanga, nshawa, soya ndi thonje zimayamba kulowa m'mafoni a anthu a kuno kum'mawa, ndipo akawalala nawonso amaidziwa bwino nyengo imene mlimi amakhala ndi kangachepe. Ndasankha makalata asanu ndi limodzi ndi kuwafupikitsa, ndipo maina a olemba ndawabisa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Alangizi, ine ndimagulitsa nshawa ndi nyemba pa msika wa Kapata. Lachiwiri lapitali masana, ogula atandichulukira, anandiimbira foni bambo wina wolankhula mwaulemu kwambiri, amene ananditchula dzina langa lonse ndi kunena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Anati akaunti yanga ya ndalama itsekedwa pofika madzulo ngati sitiikonza, ndipo kuti pa foni panga patuluka kauthenga kopempha pini, ndiilembe mwamsanga. Ndinachitadi zimenezo, ndipo pasanathe mphindi imodzi K2,300 ya mpamba wanga inali itapita. Kodi munthuyu analowa bwanji mu foni yanga, nanga ndalamazi zingabwerere? *Mayi wa ku Kapata, Chipata*

Yankho: Amayi, pepani kwambiri. Ndikudziwa kuti mpamba wa pa msika umasonkhanitsidwa pang'onopang'ono, kambale ndi kambale, ndipo kuutaya m'kamphindi kamodzi kumapweteka mpaka kusowetsa tulo. Musadzione ngati munthu wopusa, chifukwa anthu amenewa akwanitsa kunyenga aphunzitsi, anamwino ngakhalenso ogwira ntchito m'maofesi akuluakulu.

Munthuyo sanalowe mu foni yanu. Chimene anachita ndi ichi: ali kwawoko, analemba nambala yanu ndi kupempha kuti ndalama zichoke mu akaunti yanu kupita kwa iye, monga momwe ajenti amachitira mukafuna kutapa ndalama kapena mukamalipira katundu. Koma makina a kampani salola ndalama kuchoka mwini wake asanavomereze, choncho anatumiza kauthenga kaja pa foni panu kukufunsani ngati mukulola. Pini yanu ndiyo chilolezocho, ili ngati chidindo cha chala chanu pa kalata. Nkhani yonse ya kutsekedwa kwa akaunti inali yongofuna kuti mudinde musanawerenge. Choncho pini muziilemba pokhapokha pamene inuyo ndinu mwayambitsa ntchitoyo, monga kutumiza ndalama, kugula mabandulo kapena kutapa ndalama mutaima pamaso pa ajenti. Polandira ndalama pini siifunika ngakhale pang'ono, ndipo wogwira ntchito weniweni wa MTN, Airtel kapena Zamtel alibe chifukwa chokufunsirani pini, popeza ntchito yake amaigwira popanda iyo.

Mwina chimene chinakukhulupiritsani kwambiri n'chakuti anakutchulani dzina lonse. Dzina si chinsinsi. Aliyense amene ayamba kutumiza ndalama pa nambala yanu amaona dzina lanu likutuluka asanamalize, ndipo akhoza kulekera pomwepo atalilemba. Onaninso nthawi imene anasankha, masana ogula atachuluka, ndi mawu amene anagwiritsa ntchito, akuti pofika madzulo ndi akuti mwamsanga. Chida chawo chachikulu ndi phuma, chifukwa amadziwa kuti munthu akapeza mpata wofunsa mnzake wa pa benchi loyandikana, bodza lawo limaululika. Tsiku lina wina akadzakuimbirani motero, mudule foniyo ngakhale akulankhula mwaulemu wotani, kenako muimbe nokha pa 111, yomwe ndi nambala yothandizira makasitomala, ndi kufunsa ngati akaunti yanu ili ndi vuto.

Za kubwerera kwa ndalamazo sindikufuna kukulonjezani zimene sindingathe kukwaniritsa. Akawalalawa amachotsa ndalama mofulumira kapena kuzidutsitsa pa manambala angapo, ndipo tsiku lililonse likamapita mwayi umachepa. Komabe musakhale chete. Imbani pa 111 lero lomwe, mupereke nambala imene inakuimbirani, nthawi yake, ndi nambala ya umboni imene ili mu uthenga wosonyeza kuti ndalama zachoka, ndipo uthengawo musaufufute. Kanenenso ku polisi. Kenako dinani *707#, njira imene bungwe la ZICTA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko lino, linakhazikitsa yonenezera manambala a anthu achinyengo, kuti nambalayo ifufuzidwe ndi kutsekedwa isanalize munthu wina. Pini yanu muisinthe, ndipo yatsopanoyo isakhale 1234 kapena chaka chimene munabadwa, chifukwa chaka chimenecho chili pa chitupa chanu cha NRC chimene mumachipereka m'manja mwa anthu ambiri. Chenjeraninso ndi amene angakuimbireni m'masiku akubwerawa kunena kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani ndipo akhoza kukubwezerani ndalamazo mukalipira kenakake, pakuti kawirikawiri amakhala omwewo akubwerera kudzakunkha zotsala.

Chinyengo chimenechi chili ndi abale ake awiri amene amavutitsa kwambiri anthu a pa msika. Woyamba ndi uthenga wooneka ngati wolandirira ndalama, wotsatiridwa ndi foni ya munthu wolira kuti watumiza molakwika ndalama za kuchipatala ndipo mumubwezere. Musakhulupirire uthenga umenewo musanadine *115# ndi kuona nokha ndalama zimene zili mu akaunti, ndipo ngati zalowadi, muuzeni mwiniyo kuti aimbe ku kampani kuti iwo ndiwo azibweze. Wachiwiri ndi uthenga uja wofala wakuti ndalama ija muitumize pa nambala iyi, umene amaumwaza kwa anthu zikwi zambiri podziwa kuti pakati pawo pali wina amene akukonzekeradi kulipira lendi kapena fizi. Kuti muone kukula kwa ntchitoyi, kumbukirani kuti mu April 2024 a Drug Enforcement Commission, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, pamodzi ndi apolisi anagwira anthu 77 ku Lusaka ndi kulanda masimukhadi oposa 13,000 pa malo amene achinyamata ankalembedwa ntchito ngati ya mu ofesi, n'kumapatsidwa mawu okonzedwa kale oti azinyengerera nawo anthu pa intaneti. Amene anakuimbirani ayenera kuti anali atanena mawu omwewo kambirimbiri asanafike kwa inu.

Funso: Ndine mphunzitsi. Ndinalandira uthenga pa WhatsApp wochokera pa nambala ya mnzanga wa mu kwaya, wonena kuti pali msonkhano wa pa intaneti ndipo ndimutumizire manambala asanu ndi imodzi amene abwere pa foni panga kuti andilembetse. Nditangotumiza, WhatsApp yanga inatsekeka, ndipo tsopano abale anga akulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina langa. Ndichite chiyani? *Mphunzitsi wa ku Chadiza*

Yankho: Aphunzitsi, manambala asanu ndi imodzi amenewo ndi amene WhatsApp imatumiza pa SMS pamene munthu akulembetsa nambala ya foni pa chipangizo chatsopano. Wakubayo analemba nambala yanu pa foni yake, WhatsApp inatumiza manambalawo kwa inu monga mwini wake, ndipo iye anangotsala ndi ntchito yokupemphani. Mnzanu wa mu kwaya musamukwiyire, chifukwa n'zoonekeratu kuti iyenso anaberedwa akaunti mwa njira yomweyo, ndipo amene ankakulemberani sanali iye. Umu ndi momwe mliriwu umayendera m'magulu a mpingo, a sukulu ndi a chilimba: aliyense wogwidwa amasanduka nyambo yokolera anzake amene amamukhulupirira.

Chinthu choyamba, imbirani foni abale anu apafupi ndi atsogoleri a magulu amene mulimo, kuwauza kuti asatumize ndalama ndiponso kuti ayambe achotsa nambala yanu m'magulumo. Chachiwiri, tsegulani WhatsApp pa foni yanu, mulembe nambala yanu monga munachitira poyamba, ndi kudikira manambala atsopano pa SMS. Mukangowalemba, wakubayo amatulutsidwa nthawi yomweyo, popeza simukhadi ili ndi inu. Ngati iye anafulumira kuika pini yakeyake, WhatsApp idzakufunsani pini imene simukuidziwa, ndipo mudzayenera kudikira masiku asanu ndi awiri kuti mulowe popanda piniyo, koma ngakhale zitatero iye amakhala atatulutsidwa kale. Mauthenga anu akale sanawawerenge, chifukwa amasungidwa mu foni yanu, ngakhale kuti anaona magulu anu ndi mauthenga atsopano amene ankafika pa nthawiyo.

Mukabwereramo, pitani pa Settings, kenako pa Account, ndi kutsegula Two-step verification, kumene mudzaike pini yanuyanu ya manambala asanu ndi imodzi pamodzi ndi imelo yokuthandizani mukaiwala. Imeneyi ndi loko yachiwiri pa chitseko, moti ngakhale wina atapeza manambala a pa SMS sangalowe. Onaninso pa Linked devices ndi kuchotsa chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa. Ntchito yonseyi siitenga mphindi zisanu, ndipo ndikupemphani kuti pa msonkhano wotsatira wa aphunzitsi muwathandize anzanu kuichita aliyense pa foni pake muli pomwepo.

Funso: Akulu, ndine wophunzira pa koleji ina muno mu Chipata. Ndinagula laputopu yakale kwa munthu. Nditapita ndi fulashi yanga kukasindikiza ntchito ya kusukulu m'tauni, pobwera ndinapeza mafayilo onse asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo sakutseguka. Anzanga akuti ndigule pulogalamu yolimbana ndi mavairasi, ena akuti andiikira yaulere yothyoledwa. Kodi ntchito yanga yatayika? *Wophunzira wa ku Mchini, Chipata*

Yankho: Mphwanga, mtima ukhale m'malo, chifukwa nthawi zambiri vairasi ya mtundu umenewu siifufuta mafayilo. Imangowabisa, n'kuika m'malo mwake tizizindikiro tonamizira tokhala ndi maina omwewo, ndipo munthu akadina kamodzi mwa ito ndi pamene vairasiyo imalowa mu kompyuta yake ndi kuyamba kudikira fulashi ina. Makompyuta a m'malo osindikizira amalandira mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, n'chifukwa chake matendawa amafalikira kumeneko monga chimfine m'kalasi. Ngati unadina kale tizizindikiroto, laputopu yakonso iyenera kupimidwa.

Usathamangire kugula kanthu. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi pulogalamu yake yolimbana ndi mavairasi yotchedwa Microsoft Defender, imene ndi yaulere ndipo ndi yokwanira kwa wophunzira, malinga ngati ili yoyatsa ndipo ikulandira zatsopano. Lumikiza laputopu ku intaneti, tsegula Windows Security, uilole itenge zatsopano, kenako upime kompyuta yonse pamodzi ndi fulashiyo. Vairasi ikachotsedwa, mafayilo ako adzakhala adakali obisika, ndipo ayenera kuonetsedwa posintha makonzedwe a File Explorer, pulogalamu yoonera mafayilo mu Windows, kuti azionetsa mafayilo obisika, kuphatikizapo amene Windows imawateteza. Ngati zimenezi zikukuvuta, mphunzitsi wa makompyuta pa koleji yanu akhoza kukuchitira m'kanthawi kochepa. Ukawaona, uwakopere mu laputopu, kenako fulashiyo uifufute yonse ndi kuyambanso mwatsopano.

Yothyoledwa imene anzako akukulonjeza uikane. Munthu amene anathyola pulogalamuyo sukumudziwa, ndipo mapulogalamu othyoledwa ndi amodzi mwa makomo akuluakulu amene mavairasi obera mapasiwedi amalowera. Kuika mlonda wobwera ndi mbala pakhomo pako n'koopsa kuposa kukhala wopanda mlonda. Chimodzimodzinso pa foni, mapulogalamu uziwatenga ku Play Store kapena ku App Store, osati amene anthu amatumizirana, ndipo GB WhatsApp ndi zinzake si za kampani ya WhatsApp, moti zikhoza kukutseketsa akaunti.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ukalamba wa laputopu yakoyo. Dina batani la Windows pamodzi ndi R, ulembe winver, ndipo udzaona mtundu wa Windows umene uli nawo. Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zachitetezo za Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Zigamba zimenezi ndi zimene zimatseka ming'alu imene akatswiri amaipeza mu pulogalamu, ndipo kompyuta imene siikuzilandira ili ngati nkhokwe imene yasiya kumatidwa, imaonekabe yabwino kunja pamene makoswe akudziwa kale polowera. Mu May 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'maiko oposa 150, ndipo zipatala zambiri za ku Britain zinalephera kuthandiza odwala bwinobwino, chonsecho chigamba chotsekera mng'alu umenewo chinali chitatuluka kale mu March chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula ndipo ophunzira ambiri amazimitsa dala zatsopanozi, koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Uzipita ndi laputopu pamene pali intaneti ya koleji kamodzi pa mwezi ndi kuilola imalize. Ngati ili ndi mphamvu yolandira Windows 11, isinthe, ndipo ngati ilibe, funsa aphunzitsi ako za Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makompyuta akale. Popeza unagula kwa munthu, ndi bwinonso kufufuta zonse ndi kuika Windows mwatsopano, chifukwa sukudziwa zimene mwini wake woyamba anasiyamo.

Ndikuuzeko zimene zinandichitikira. Zaka zapitazo ndinali ndi zolemba za miyezi inayi pa kompyuta imodzi yokha, ndipo usiku wina magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pozima tsiku lonse, kompyutayo siinayakenso. Ndinayenda nayo kwa amisiri atatu, koma palibe anapulumutsa ngakhale tsamba limodzi, ndipo ndimakumbukirabe mmene ndinakhalira pa khonde la wotsirizayo, thumba lili pamiyendo, ndikusowa choyankha amene ankadikira ntchitoyo. Kuyambira pamenepo chilichonse chofunika ndimachisunga pawiri. Akaunti ya Google imakupatsa malo aulere okwana 15 GB, ndipo ntchito ya kusukulu ya chaka chonse siingadzaze malowo. Posindikiza, usamapitenso ndi fulashi yosungira ntchito yako. Uzitumiza fayiloyo pa imelo kapena pa WhatsApp ya osindikizawo, ndipo ngati walowa mu imelo yako pa kompyuta yawo, usachoke usanatulukemo.

Funso: Ana anga ananditsegulira Facebook, imelo ndi akaunti ya kubanki ya pa foni. Ine ndine wamkulu ndipo ndimaiwala, choncho ndinaika pasiwedi imodzi ponseponse, yomwe ndi dzina la mdzukulu wanga. Mwana wanga akuti ndalakwa, koma akundiletsanso kulemba m'buku. Nanga nditani? *Bambo wopuma pa ntchito, Petauke*

Yankho: Atate, mwana wanu walondola pa mfundo yoyamba, koma pa yachiwiri ndikusiyana naye. Kuipa kwa pasiwedi imodzi n'kwakuti ikabedwa pa malo amodzi, akuba amaiyesa pa imelo, pa Facebook ndi kwina konse, ndipo makomo onse amatseguka ndi kiyi mmodzi. Dzina la mdzukulu nalonso ndi losavuta kulota, makamaka ngati mumaika zithunzi zake ndi kumutchula. Koma kulemba m'buku si kulakwa. Wakuba amene ali ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja sangatsegule sutikesi yanu ku Petauke. Pezani kabuku kakang'ono, mulembemo mapasiwedi anu, ndi kukasunga pamene mumasunga makalata a nyumba, osati m'chikwama cha foni kapena m'thumba la malaya.

Mphamvu ya pasiwedi ili m'kutalika kwake. Sankhani mawu anayi a Chichewa amene sagwirizana, monga dzina la ndiwo, la chipangizo cha kumunda, la mbalame ndi la tsiku, muwalumikize ndi kuikapo manambala awiri kapena atatu. Mawu oterowo ndi osavuta kwa inu kuwakumbukira koma ndi ovuta kwambiri kuwalota. Akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake, ndipo muyambe ndi imelo, chifukwa mukaiwala pasiwedi ya kwina kulikonse, njira yoisinthira imatumizidwa ku imelo, moti wogwira imelo yanu wagwira zonse. Foni yeniyeniyo ikhalenso ndi loko, makamaka ngati mumaisiya potchajitsa pa msika magetsi akazima.

Funso: M'gulu la WhatsApp la kopaletivu yathu mwabwera linki yonena kuti boma likupereka feteleza wowonjezera kwa alimi amene alembetse sabata ino. Tsambalo lili ndi mbendera ya dziko ndi chithunzi cha matumba a feteleza, ndipo likupempha nambala ya NRC, chithunzi cha chitupa ndi K150 yolembetsera. Mnzathu wina akuti ndi loona chifukwa pamwamba pake pali kachizindikiro ka loko. Tilembetse? *Mlimi wa ku Chipangali*

Yankho: Atate, musalembetse, ndipo mwachita bwino kufunsa musanapereke kanthu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mbendera ndi zithunzi aliyense akhoza kuzikopera pa intaneti m'mphindi zochepa. Kachizindikiro ka loko kamangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi tsambalo, sikanena kuti mwini tsambalo ndi woona mtima, ndipo masamba ambiri achinyengo masiku ano ali nako. Chofunika kuyang'ana ndi dzina la tsambalo pamwamba. Masamba a boma la Zambia amathera ndi gov.zm, ndipo mawu amenewa ayenera kukhala kumapeto kwenikweni kwa dzinalo, kachizindikiro kopendekera (/) kotsatira dzinalo kasanafike. Achinyengo amakonda kuika mawu ngati zambia kapena gov koyambirira, kumapeto n'kukhala zina.

Koma ngakhale musanafike poyang'ana zilembo, inu mukudziwa kale momwe nkhani za FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu, zimayendera. Zimadzera kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ku kopaletivu ndi ku ofesi ya zaulimi ya m'boma lanu, ndipo anthu amenewa mumawadziwa nkhope. Nkhani yaikulu ngati ya feteleza wowonjezera siingafike pa WhatsApp pokha alangizi osaidziwa, wailesi ngati Breeze FM kapena Radio Maria osailengeza. Imbirani alangizi anu lero, ndipo akakutsimikizirani kuti ndi bodza, mulembe zimenezo m'gulumo momveka bwino, chifukwa pali ena amene akhala chete koma akusakasaka kale K150.

Ndalama imeneyo si chinthu chokhacho chimene anthuwa akufuna. Chithunzi cha chitupa chanu akhoza kuchigwiritsa ntchito poyesa kulembetsa simukhadi kapena kutenga ngongole m'dzina lanu, ndipo mlandu ukabuka dzina loyamba kutuluka limakhala lanu. Ngati alipo m'gulu mwanu amene anatumiza kale chitupa chake, apite ku ofesi ya kampani yake ya foni akafunse manambala onse amene analembetsedwa pa NRC yake, ndipo imene sakuidziwa aitseketse.

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 ndinamugulira foni kuti izimuthandiza pa maphunziro. Ndapeza kuti pali mwamuna wina pa Facebook, amene akuti ali kunja kwa dziko, yemwe wakhala akumutumizira mabandulo ndi kumupempha zithunzi zosayenera. Mwanayo anatumiza chimodzi, ndipo tsopano munthuyo akuopseza kuti achifalitsa ngati satumiza zina kapena ndalama. Mwana wanga sakudya ndipo akukana kupita kusukulu. Bambo ake akuti timulande foni ndi kumukwapula. Ndithandizeni. *Mayi wa ku Katete*

Yankho: Amayi, kalata yanu ndaiika kumapeto koma ndi imene yandikhudza kuposa onse. Ndikupemphani inu pamodzi ndi bambo a mwanayo kuti musamukwapule. Wolakwa pa nkhaniyi ndi munthu wamkulu amene anatchera msampha mwana wa zaka 14, kuyambira pa mawu okoma ndi timphatso mpaka kufika poopseza, ndipo njira imeneyi anthu otere amaitsata mwadala kwa ana ambiri. Mphamvu yake yonse yagona pa mantha a mwanayo akuti makolo akadziwa zinthu ziipa. Mukamukwapula mutsimikizira mantha amenewo, ndipo tsiku lina akadzakumana ndi vuto adzalisenza yekha. Kusadya ndi kukana sukulu ndi zizindikiro zakuti mtima wake walemedwa kwambiri, choncho masiku ano musamusiye yekha nthawi yaitali, ndipo amve kuchokera pakamwa panu kuti mudakali kumukonda ndiponso kuti nkhaniyi muithana nayo limodzi. Ngati pali azakhali ake kapena agogo ake amene amamasuka nawo, aitaneni.

Musatumize ndalama kapena chithunzi china, chifukwa wolandira kamodzi amabweranso. Musamuyankhenso munthuyo, koma musafufute mauthenga ake, popeza ndiwo umboni. Lembani dzina la akaunti yake, nambala iliyonse imene ankatumizira mabandulo kapena imene akufuna kuti mutumizepo ndalama, ndi masiku a mauthengawo. Chithunzi cha mwanayo musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa wachibale amene mukufuna akuthandizeni. Apolisi akaona umboniwo, munene akauntiyo kwa a Facebook kudzera pa batani la Report ndi kuitsekereza kuti isathenso kumulembera. Kunena kuti ali kunja kwa dziko musakutenge ngati zoona, pakuti nambala imene ankagulira mabandulo ikhoza kusonyeza kuti ali pafupi kuposa momwe mukuganizira.

Malamulo a dziko lino okhudza milandu ya pa intaneti, amene anakhazikitsidwa mu 2021 ndi kulowedwa m'malo ndi atsopano mu 2025, amaona kunyengerera mwana mwa njira imeneyi ngati mlandu waukulu. Ku polisi funsani gawo la Victim Support Unit, lomwe limaona nkhani za ana ndi za nkhanza za m'banja. Palinso nambala yaulere ya 116 ya Childline Zambia, imene inu kapena mwanayo mukhoza kuimba ndi kulankhula ndi aphungu ophunzitsidwa kuthandiza ana.

Za foniyo, zinthu zikakhazikika mukhale naye pansi ndi kuona limodzi anthu amene ali nawo pa Facebook, muchotse onse amene sanawaonepo ndi maso, ndi kusintha makonzedwe kuti zithunzi zake ndi mndandanda wa anzake zizioneka kwa anzake okha. Mugwirizane kuti usiku foni izigona ku chipinda chanu. Koma zimenezi zibwere pambuyo. Lero madzulo muimbe pa 116 muli naye pafupi, ndipo mawa m'mawa mupite naye ku polisi ya Katete, foni ili m'manja mwanu, bambo akenso ali nanu limodzi.